Maungu Atavala Zitenje

Nyumba yathu yoyamba kuno kwa azungu, ku Erdington, inali ya lendi, imodzi mwa nyumba zija zogundizana khoma ndi khoma kuyambira kumayambiriro kwa msewu mpaka kumapeto. Kuseri kunalibe kapinga, kunalibenso dothi. Kunali kabwalo ka simenti, bini, chingwe choyanikira zovala ndi mpanda wa matabwa wolekeza m'chifuwa. Ine kabwaloko ndinkakafunira kuyanikapo mayunifolomu basi.

Kuno ndinatsogola ndine, monga zinkakhalira ndi anamwino ambiri zaka zimenezo. Ndinagwira ntchito ndekha chaka chathunthu pa wodi ya odwala mafupa, kenako amuna anga ndi mwana wathu wamkazi ananditsatira. Kumudzi amuna anga anali munthu wa mu ofesi, wovala tayi, woti akadutsa pamsika anthu ankachita kuwaitana kuti alandire moni. Kuno ntchito imene anaipeza inali yolongedza katundu m'makatoni pa fakitale ina ku Bilston, ulendo wa sitima kenako tiramu, kasitima koyenda mumsewu. Sanadandaulepo. Koma anasiya kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa. Akaweruka ankangokhala pa sofa jekete ili m'thupi, maso pa TV, koma ukawafunsa zimene akuonera sankadziwa. Ndikati kodi kwagwanji, yankho linali limodzi: "Ndili bwino amayi, ndangotopa."

Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero n'kumamwa tiyi m'holo, mayi wina wa ku Zambia amene tinkapemphera naye anawakokera pambali. Mayiyo anali ndi kamunda kake kunja kwa tauni, ndipo anali atamva kuti amuna anga kwawo ndi ku Dedza, kumene mwana amadziwa kugwira khasu asanadziwe kuvala nsapato. Anawafumbatitsa kajumbo. M'katimo munali nthanga za maungu ndi timbewu ta mpiru ndi bonongwe.

"Imwe atate, kayeseni izi," anatero mayiyo. "Chibwabwa chimamera muno, osamvera za anthu."

Tili m'basi pobwerera, mwana wathu anafunsa m'Chingerezi kuti chibwabwa n'chiyani. Bambo ake anamuuza kuti ndi nkhwani. Anafunsanso kuti nanga nkhwani n'chiyani. Iwo anangopinda kajumbo kaja n'kukaika m'thumba la m'kati mwa jekete.

Umo munali mu Malichi, kunja kukadali kozizira koopsa. Anayamba ndi timakapu ta yogati, kutiboola kunsi, kutidzaza kompositi, n'kutindandalika pazenera la kukhitchini. M'mawa uliwonse ankatisuzumira asanasukusule n'komwe. Tsiku limene dzungu loyamba linatumphuka, chikhungwa cha nthanga chikadali kumutu ngati chipewa, anandiimbira foni ndili kuntchito. Ndinatuluka mu wodi mothamanga, ndikuyesa kuti mwana wavulala kusukulu.

Kenako anayamba kubwera ndi ndowa. Pakona ya msewu wathu panali kasitolo ka nsomba ndi tchipisi, ndipo mwini wake ankataya ndowa zoyera zimene munkabwera mayonezi. Amuna anga anapalana naye ubwenzi. Ankazitsuka ndowazo, n'kuotcha msomali pa chitofu, n'kumaziboola kunsi kuti madzi azituluka. Nyumba yonse inkanunkha pulasitiki wopserera, mpaka tsiku lina kabelu kochenjeza za moto kanalira, ine n'kumakakupiza ndi thaulo iwo akupepesa. Maungu okha anati ndowa zawachepera. Anapeza chigubu chachikulu cha buluu, n'kuchidula pakati cham'litali, zidutswa ziwirizo n'kukhala ngati zomwera ng'ombe. Anaziika m'mbali mwa mpanda, ndipo atazidzaza dothi panalibenso woti n'kuzisuntha.

Epulo wa chaka chimenecho anatipusitsa tonse. Dzuwa linawala sabata ndi sabata, anthu anavula malaya m'mapaki, ana anayamba kupita kusukulu opanda majuzi. Amuna anga anati basi kwafunda, anatulutsa zonse panja. Anawonjezera mbande za tomato ndi nyemba zoyanga zimene anazipeza pamsika wa ku Bilston, ndi mapesi angapo a chimanga amene ine ndinawauza kuti sangabereke m'ndowa. Kabwalo kanadzaza thothotho. Kuti ndiyanike zovala ndinkachita kudumpha ngati ndikusewera fulaye.

"Abambo, kodi mayunifolomuwa ndiziyanika pamutu panu?"

"Pepani amayi, tisuntha pang'ono."

Ankasunthadi, ndowa imodzi, mtunda wa chikhatho.

Ndinkalongolola choncho, koma ndinkaona zimene zinkachitika. Munthu amene ankadzuka movutikira anayamba kulawirira. Ndikatsika ndinkawapeza panja, kapu ya tiyi m'manja, atanyonyomala pakati pa ndowa, akutembenuza tsamba lililonse kusaka nkhono zija zopanda chigoba zimene zimadya mbewu kuno. Ankang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. Pofika Meyi maungu anali ndi masamba oposa chikhatho changa, ndipo tizingwe tawo tokolekera tinali titagwira kale matabwa a mpanda.

Kuseri kwa mpandawo kunkakhala agogo ena amasiye, azungu ochokera ku Ireland, amene anakhala mumsewu umenewo kuyambira ali mtsikana. Zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi. Ankakonda kusutira fodya pakhomo la kuseri, mphaka ali pamapazi. Nawonso anali ndi maluwa ofiira m'miphika yadothi, ndi kamtengo ka rozi m'chimphika chachikulu pakona. Chingerezi chawo chinali chothamanga moti amuna anga ankangotolako theka, komabe awiriwo ankacheza pampanda mpaka tiyi kuzizira. Agogowo atamva kuti maunguwo tikufunako masamba osati zipatso, anaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku limene ndikunenali linali la pakati pa Meyi. Ine ndinali pa shifiti ya m'mawa, amuna anga pa ya masana, yoti kunyumba afika anthu atagona kale. Ndikutuluka m'chipatala ndinamva kuti mphepo yasintha. Dzuwa linalipo, kumwamba kuli mbee kopanda kamtambo, koma kamphepo kake kankalasa ngati singano. Ndinakatenga mwana kwa mnzanga amene ankamusunga akaweruka kusukulu, n'kufika kunyumba mapazi akuwawa, maganizo onse ali pa madzi otentha ndi bedi. Nditatuluka kuseri kukaanula zovala, agogo aja anandikodola.

"Mwana wanga, wamva zanyengo? Akuti usiku uno kugwa chisanu. Kumwamba kukayera chonchi, mphepo n'kuleka madzulo, ndiye kuti chafika. Uwauze amuna ako alowetse ana awowa," anatero akuloza ndowa zija.

Ine kwathu ndi ku Chikwawa, kumene munthu amagona panja chifukwa cha kutentha. Chisanu ndinachidziwira kuno, ndipo ndinkachidziwa cha Disembala ndi Januwale, osati cha Meyi mitengo itavala kale masamba. Mumtima ndinati agogowa akukokomeza. Komabe ndinawalembera amuna anga uthenga pafoni, n'kuyamba kuphikira mwana. Patapita kanthawi foni inalira. Anali pa buleki, kumbuyo kukumveka makina.

"Amayi, uthenga wanu ndauona. Mwati chisanu?"

"Akutero agogo. Akuti anena pa TV."



"Ndapempha kwa supavayiza kuti ndiweruke msanga, akana. Akuti oda ndi yaikulu, anthu tachepa."

"Kodi n'zoopsa choncho? Si kuzizira chabe?"

"Inu a kuchigwa simuchidziwa chisanu. Kwathu chikagwa m'dimba mu Juni, m'mawa umapeza nyemba zonse zili bii ngati wazithira madzi owira. Maungu ndi tomato ndiye sizichedwa n'komwe. Bambo anga ankatidzutsa kusanache kukasonkha zinyalala kuti utsi uphimbe dimba."

"Ndiye mukufuna ndisonkhe moto kuseri kwa nyumba ya eni? Abwera ozimitsa moto ndi apolisi omwe."

Anaseka pang'ono, kenako mawu anatsika.

"Ndikudziwa mwatopa, amayi. Koma chonde ndithandizeni. Zing'onozing'onozo mulowetse m'nyumba. Zazikuluzo mufunditse ndi chilichonse chimene mungapeze."

Chibwerereni kuno munthuyu anali asanandipemphepo kanthu. Ngakhale adwale chimfine, ankadziphikira okha tiyi wa mandimu kuti asandivutitse. Ndinamupakulira mwana chakudya, ndinamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kutuluka.

Ndowa ya mayonezi ikadzaza dothi lonyowa si yamasewera. Kutembenuza odwala pabedi ndinazolowera, koma kumeneko timakhala awiri. Ndinayala nyuzipepala pansi kuopa kudetsa kapeti wa landilodi, n'kuyamba kututa. Ndinayamba ndi tomato, kenako bonongwe, kenako mpiru. Khitchini itadzaza ndinaika m'kanjira kolowera, m'menemo mutadzaza ndinayamba kusanja m'masitepe, ndowa pa sitepe iliyonse, kusiya mpata woti phazi lizipondapo. Zotsala ndinakwera nazo mpaka m'bafa. Mwana wathu, amene nthawi yonseyi anali ndi homuweki yake pabalaza, atakwera kuti akasambe anakuwa:

"Mummy, there's a jungle in the bath!"

Ndinamuuza kuti poti m'bafa mwamera nkhalango, lero angosukusula. Sanatsutse, kusamba sankakukonda kale.

Panja panatsala zimene sindikanatha kuzinyamula: maungu m'zigubu zija, chimanga chimene chinali m'ndowa zikuluzikulu, ndi nyemba zimene zinali zitayanga kale pa timitengo. Agogo anali akadali pampanda, atavala juzi pamwamba pa juzi linzake. Anandiponyera makatani awo akale a neti, koma anangokwana mbali imodzi. Mabulangete tinali nawo okwanira mabedi basi. Ndinaima pakati pa kabwaloko manja m'chiuno, dzuwa likutsetserekera kuseri kwa madenga, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Manja anga anali pa mfundo ya chitenje, ndipo m'pamene ndinakumbukira sutikesi.

Inali pamwamba pa wodilopu, yodzaza zitenje. Pochoka kumudzi aliyense wondikonda anandipatsa chitenje: azakhali, alamu anga, anzanga a kuchipatala chimene ndinkagwira poyamba, amayi a kumpingo. Kuno ndinkavala ziwiri zitatu zokha, m'nyumba momwemo, zina zonse zinali chipindire, zikununkhabe mankhwala a njenjete. Ndinatsitsa sutikesi yonse n'kuitsegula pakhomo la kuseri.

Agogo anati nsalu isagone pamasamba, koma ifike mpaka pansi kuti mphepo isalowere kunsi. Ndinatulutsa mipando ya patebulo, choyanikira zovala cha m'nyumba, ngakhale thebulo lositira. Ndinaziimika mozungulira maungu n'kumayala zitenje pamwamba, ziwiriziwiri, kumtunda ndikupana ndi mapegi kumpanda, kumunsi ndikutsindika ndi njerwa ndi nsapato zakale za abambo. Agogo anatinso ndidzaze mabotolo ndi madzi otentha ndiwalowetse m'kati, ndiye ketulo inawira kambirimbiri. Chimanga ndinachiveka chitenje cha nkhanga chimene anandipatsa alamu anga. Cha pa chinkhoswe chathu, chobiriwira cha maluwa achikasu, chinapita pa dzungu lalikulu kuposa onse. Zala zinachita dzanzi, mapegi ankangondipulumuka.

Pofika pa nyemba, pakona pafupi ndi bini, m'sutikesi munatsala chitenje chimodzi chokha. Chinali chimene amayi anga anandipatsa pa bwalo la ndege. Iwo sanagule chatsopano, anangochotsa chimene anafunda paphewa n'kundikoleka m'khosi. Ndinachigwira, ndinachibwezera. Nyembazo ndinaziveka majumbo akuda a m'bini.

Nditaweramuka ndinaona agogo akulimbana ndi mphika wawo wa maluwa, akuukankha ndi phazi chifukwa zala sizikanatha kugwira. Nthawi yonseyi anali akundilangiza ine, zawo zili pamtetete. Makatani aja anali oti afunditsire maluwa awo.

"Agogo, bwanji osanena?"

"Iwe unali ndi ambiri. Angawa ndi okalamba ngati ine ndemwe, mwina apirira."

Ndinazungulira kudzera m'kanjira ka kuseri, n'kuwalowetsera miphika yonse m'khitchini. Kanali koyamba kuponda m'nyumba mwawo. Munkamveka fungo la fodya ndi la mphaka, koma munali mwaudongo, ndipo pakhoma panali chithunzi cha malemu amuna awo atavala yunifolomu ya oyendetsa basi. Kamtengo ka rozi kokha ndi kamene sikanatheke kusuntha. Kanali katatulutsa timasamba tanthete tofiirira ndi tinsonga ta maluwa. Agogo anati amuna awo anakadzala chaka chimene anapuma ntchito, ndipo ponena zimenezo ankakasisita ndi kuseri kwa dzanja. Anati tingokasiya, rozi safa ndi chisanu, kungoti maluwa oyambawo apserera. Ananena ngati n'zopanda kanthu, koma sanachoke pamenepo.

Ndinabwerera kwathu, ndinatenga chitenje cha amayi anga chija, n'kukakulunga kamtengoko monga timafunditsira mwana kumsana kukamazizira. Agogo anaikhudza nsaluyo n'kupukusa mutu.

"Iyi ndi yokongola kwambiri, mwana wanga. Iwonongeka ndi minga."

"Isokeka, agogo."

Sindinawauze kuti inali ya ndani. Anandithirira tiyi wakuda bii, ndinamwa choimirira chifukwa mwana anali yekha. Ndinagona msana ukuwawa, sindinamve n'komwe amuna anga akulowa. Anandiuza pambuyo pake kuti masitepe anakwera cham'mbali ngati nkhanu.

Ndinadzuka kukuyera, mbali yawo ya bedi ili zii. Pazenera la kutsogolo magalimoto onse mumsewu anali mbuu, bambo wina akupala galasi la yake. Ndinapita kuchipinda cha mwana n'kusuzumira kuseri. Madzulo aja ndinali pa liwiro, sindinaone bwino chimene ndinapanga. Kuchokera pamwamba, kabwalo kathu kankaoneka ngati amayi akhala pansi kudikira sikelo ya ana, onse atafunda kumutu, wina wamtali, wina wamfupi, ena atatsamirana. Pakati pawo panali amuna anga, atavala jasi pamwamba pa zogonera, chipewa chaubweya kumutu, manja kumbuyo.

Ndinatsika n'kuima pakhomo. Sanandione. Anafika pa chitenje cha chinkhoswe, chimene chinali chitauma gwa, anawerama pang'ono n'kuomba m'manja.

"Odi amayi, mwadzuka bwanji?"

Anatukula nsonga ya nsalu n'kusuzumira. Masamba anali biriwiri, ngati palibe chachitika. Anabwezera bwinobwino n'kupita pa chimanga.

"Nanga inu azakhali, mwagona bwanji ndi mphepoyi?"

Ndinalephera kudzigwira, ndinaphulika ndi kuseka. Anatembenuka, atandiona nawonso anayamba, kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa, mpaka anagwira mpanda. Agogo anatsegula zenera la pamwamba, tsitsi lili nyankhalala, kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Kutafunda pang'ono tinavundukula zonse. Nyemba zokha ndi zimene zinapita. Paliponse pamene jumbo inakhudza tsamba panali patada, ndipo pofika masana zonse zinali lende ngati zofutsa. Nsonga imodzi ya dzungu imene inatulukira kunja kwa nsalu inapsanso. Ndinawauza za chitenje chotsala chija ndi kumene chinapita. Anasuzumira pampanda, anaona rozi wa agogo atavala nsalu ya apongozi awo, anagwedeza mutu.

"Mwachita bwino. Nyemba tidzala zina, sizichedwa kumera."

Kenako analowa m'nyumba, anaima m'munsi mwa masitepe n'kuyang'ana m'mwamba, ndowa zili ndandanda.

"Koma amayi, mpiruwu munaulowetseranji? Mpiru suopa chisanu. Ukanagona panja bwinobwino."

Mpiru ndi umene unali wambiri, ndi umenenso ndinakwera nawo mpaka m'bafa. Ndinawayang'anitsitsa. Anathawira kukhitchini kukatereka ketulo, ndipo tsiku limenelo anandisisita msana ndi mafuta ndisanapemphe.

Kuzizirako sikunathere pomwepo. Kwa masiku angapo ntchito inali yomweyo, m'mawa kuvundukula ndi kutulutsa, madzulo kulowetsa ndi kufunditsa. Amuna anga anaswapa shifiti ndi mnzawo kuti azipezeka madzulo. Tikamaliza zathu tinkazungulira kwa agogo, iwo kunyamula miphika, ine kuveka rozi. Masana zitenje tinkaziyanika pa chingwe ndi pampanda kuti ziume, moti a nyumba za kuseri ankachita kusuzumira m'mazenera. Mayi wina wa ku Jamaica anagogoda pakhomo kudzafunsa ngati tikugulitsa nsalu.

Ponyamula ndowazo ndi pamene tinacheza zimene tinali tisanachezepo chibwerereni. Anandiuza za kufakitale, za amene ankawalamula, wamsinkhu wa mng'ono wawo womaliza, amene dzina lawo linkamukanika ndipo anangowapatsa lina. Anandiuza mmene zimakhalira kuyenda kuchokera pa siteshoni mpaka kunyumba popanda ndi mmodzi yemwe wokupatsa moni. Ankanena akuyang'ana ndowa osati ine, ndipo ine ndinkangomvetsera. Nanenso ndinawauza za chaka chija ndinali ndekha, mmene ndinkalirira m'chipinda chosinthira zovala ndikaweruka, zimene pafoni ndinkabisa kuopa kuti angandiuze kuti ndibwerere. Anaika ndowa pansi n'kundiyang'ana.

"Ine ndinkayesa inu munazolowera tsiku lomwe munafika."

"Ndani anakunamizani?"

"Mawu anu pafoni."

"Pafoni munthu amavala za ku tchalitchi, abambo."

Ananyamula ndowa yanga pamodzi ndi yawo.

M'mawa wina tinadzuka kukugwa mvula yofunda, ndipo agogo anati chatha, tikhoza kupumula. Ndinachapa zitenje zonse. Zambiri zinayera. Cha chinkhoswe chinatsala ndi dzimbiri la msomali wa pampanda, cha amayi anga chinabooka mwina ndi mwina ndi minga. Ndinachisoka, ndipo ndikadali nacho. Rozi uja anamasula kumayambiriro kwa Juni, agogo anadula duwa loyamba n'kundiikira m'botolo pamwamba pa mpanda.

Pofika Julayi maungu anali atadzaza mpanda wonse n'kuwolokera kwa agogo, amene anakaniza kuti asadulidwe. Tsiku lothyola koyamba amuna anga anakhala pa sitepe ya kuseri. Lichero tinalibe, anatenga thireyi ya mu uvuni, n'kumasadzula okha tsamba limodzilimodzi, ine osandilola kukhudza. Nsinjiro tinalibenso, ndinatendera ndi chiponde cha m'botolo. Agogo tinawapatsira m'mbale. Anadyera mbatatesi ndi foloko, ndipo pobweza mbale anati zikukoma ngati sipinachi amene anapita kusukulu. Mwana wathu analawa, anakwinya nkhope, anakankhira mbale kutali, koma bambo ake atayang'ana kumbali anatapanso.

Lamulungu lake tinatenga majumbo a nkhwani kutchalitchi. Titangotuluka m'mapemphero amayi anatiunjirira.

"Achimwene, ine ndinabukitsa kalekale, musandiiwale!"

"Munabukitsa liti inu? Ine ndi amene ndimawafunsa sabata iliyonse."

Mayi wa ku Zambia uja anatenga tsamba limodzi, analiyang'ana uku ndi uku ngati akuyeza nsalu, n'kunena kuti wophunzira waposa mphunzitsi. Mayi wina wachikulire wa ku Mulanje, amene ankagwira ntchito kunyumba zosamalira okalamba, nayenso analandirako. Anatsegula jumbo yake, ananunkhiza, n'kukhala pampando phee, jumbo ili pamiyendo, mpaka tiyi anatha.

Maungu enieni sanakule. Anabala tiwiri tonga chibakera, nyengo yotentha ya kuno ndi yaifupi. Chimanga chinatulutsa ngayaye, chinabereka tizitsononkho topanda kanthu, ndipo ine sindinanene kuti ndinanena.

Tinakhala m'nyumbayo zaka zina, chaka chilichonse ndowa zikuchuluka, koma amuna anga sankatulutsanso kanthu Meyi asanathe. Agogo miyendo itayamba kuwakanika anasamukira kwa mwana wawo ku Coventry. Rozi uja ananyamulidwa ndi amuna atatu, anga ali m'gulu, n'kukwezedwa m'galimoto pamodzi ndi mipando.

Titapeza nyumba ina ya kapinga kuseri, landilodi anabwera kudzayendera yake tisanatuluke. M'kati sanapeze chovuta. Atatuluka kuseri anaima n'kumayang'ana pansi. Simenti yonse inali ndi mikombero yakuda pamene pankakhala ndowa, ina yolumikizana, ina yopiringizana. Anafunsa kuti kodi pankachitika chiyani pamenepa. Amuna anga anayamba kufotokoza, kuloza kuti apa panali tomato, apa bonongwe, uko maungu, ndi mmene amaphikidwira, mpaka munthuyo anayang'ana wotchi n'kunena kuti tingoyesetsa kutsuka. Loweruka lomaliza tinagwada awiri ndi bulashi ndi sopo, tinakwecha mpaka manja kutupa. Ina inachoka, ina inakana, ndipo tinaisiya choncho n'kukapereka makiyi.